Bowo lomwe ndinaboola pa kabwato ka Che Jafali

Ana anga, mwakhala mukundifunsa chifukwa chomwe chaka changa chomaliza pa ntchito ndinkakhoma mabenchi ndi zitseko pa ofesi, ine munthu amene ndinakalambira pa mabwato. Ndinkakuyankhani kuti msana unkandivuta. Msanawo unkavutadi, koma si umene unandichotsa kumadzi. Ndalemba izi kuti mumve kwa mwini wakene, musadzamve pa maliro anga kwa anthu othira mchere.

Chaka choyamba pa ntchito: ku Kachulu

Ndinalembedwa ntchito ndi bungwe lina lothandiza asodzi, kapepala kanga ka ukalipentala kali m'thumba, ndipo ananditumiza ku Kachulu, ku nyanja ya Chilwa. Ine mwana wa ku Njuli, madzi ambiri amene ndinkawadziwa anali a mumgolo wa amayi. Kusambira sindinkatha, ndipo mpaka lero sinditha. Bwana wanga woyamba anali a Makwinja, mmisiri wa mabwato a matabwa, munthu wamfupi, woumira mawu ngati amachita kugula. Kapepala kanga sanakayang'ane n'komwe. Anandigwira manja, n'kuwatembenuza ngati akusankha mbatata pa msika.

"Iwe ndiwe wa mipando," anatero. "Mpando ukaulakwitsa, munthu amagwa pansi, anzake n'kuseka, iye n'kudzuka. Kuno ukalakwitsa, kumakhala maliro."

Anandiphunzitsa zambiri, koma ziwiri ndi zimene zikukhudza nkhaniyi. Choyamba chinali kutseka mipata. Tinkapota thonje, kulikhomerera pakati pa thabwa ndi thabwa, n'kuthirapo phula lotentha. Tikatero bwato latsopano tinkalisiya m'madzi masiku atatu kuti limwe. Thabwa likamwa limafufuma, timipata totsala n'kutsekeka tokha. Choncho bwato lodontha tsiku loyamba silinkatidetsa nkhawa, tinkangokapa madziwo n'kudikira. Chachiwiri linali lamulo lawo losalembedwa paliponse: wakhoma ndiye amayamba kukwera. Mwini bwato asanalitenge, mmisiri ankakwera naye limodzi mpaka pakati pa madzi. Lamuloli ndinkadana nalo ndi mtima wanga wonse. Ndinkakhala pakati pa bwato nditagwiritsa mbali zonse ziwiri, maso ali pa mapazi anga, asodzi akufa ndi phwete. Anandipatsa dzina loti Che Mwala, poti ndikadagwa ndikadangoti phi mpaka pansi. Tsiku lina ndinapempha a Makwinja kuti andikhululukireko, popeza sindisambira.

"Ndiye bwino," anayankha. "Wosatha kusambira ndiye amakhoma bwino."

Zaka zapakati: kusowa, kusamuka

Ndinakhala ku Kachulu zaka zambiri, n'kukwatira mayi anu ndili komweko. Ntchito inali yokoma, koma zipangizo ndiye zinali mutu wopweteka. Misomali yosachita dzimbiri inkatha miyezi osafika, ndipo tinkazula yakale m'mabwato owola n'kumaiwongola umodziumodzi pa chitsulo. Phula likasowa tinkalondola anthu okonza misewu ngati tikufunsira mbeta. M'zaka zimenezo ndinaphunzira kuti mmisiri wodikira katundu woyenera amafa ndi njala, ndipo ndinayamba kudzitama kuti ine palibe chondikanika. Phunzirolo linandidyetsa zaka zambiri, koma lomwelo ndi limene linadzandigwetsa.

Nyanja itaphwa, mabwato anangoti mbwee pa matope ong'aluka, ndipo bungwe linatimwaza. A Makwinja anapuma, patangopita nthawi yochepa n'kumwalira. Ine anandisamutsa kangapo, kukonza zitseko za madzi pa maiwe a nsomba ndi madamu a m'midzi. Ndinagwira pansi pa mabwana osiyanasiyana. Wina ankaopa matope kwambiri moti ankayendera maiwe ali m'galimoto, galasi lotsitsa pang'ono. Wina anali wabwino mtima koma woiwala, moti kalata yanga yopempha sowo yatsopano inakhala m'jekete mwake dzinja lonse. Pomaliza anandibwezera kwathu ku Chiradzulu, ndili ndi imvi, aliyense akunditcha amisiri. Panalibenso wondigwira manja n'kuwatembenuza.

Kutatsala zaka ziwiri kuti ndipume: damu la kufupi ndi Milepa

Bwana wanga womaliza anali Mayi Gondwe, mtsikana wophunzira bwino, wosaopa matope, wolankhula mosapsatira. Mwa madamu amene tinkayang'anira panali lina cha kufupi ndi Milepa, limene anthu a midzi yozungulira anathiramo nsomba za makumba n'kusankha komiti yoyang'anira. Lamulo la komitiyo linali lakuti nsomba zigwidwe ndi mbedza basi, ukonde ayi. Mlonda wa damulo anali Che Jafali, bambo wa msinkhu wanga, amene bambo awo anali msodzi wa ku Chilwa. Ankasambira ngati katumbu. Tinagwirizana msanga. Iwo ankandiseka kuti ife Alomwe timaphika nyemba za kalongonda tsiku lonse ngati tikuphika miyala, ine n'kumawabwezera kuti tiyi wawo ndi shuga wothira madzi pang'ono. Tiyiyo ankabwera naye mufulasiki akazi awo, Abiti Saidi, amene ankagulitsa nsomba zouma pa msika.

Tsiku lina Mayi Gondwe anafika ndi kabwato kachikasu ka pulasitiki katamangidwa pamwamba pa galimoto. Anati dzina lake ndi kayaki. Kanali kowonda, ka mpando umodzi, kopalasa ndi nkhafi ya mitu iwiri. Kanabwera ndi bokosi, ndipo m'bokosimo munali mapaipi awiri oikamo ndodo za mbedza, jekete yoyandamitsa munthu, batire, ndi kamakina kokhala ngati foni yaikulu, koonetsa kuya kwa madzi ndi pomwe pali nsomba. Anthu anangokatcha TV ya nsomba. Cholinga chinali choti Che Jafali azizungulira damu sabata iliyonse, kuona pomwe matope adzaza, ndi kuwedza nsomba zingapo zoti tiziyeza kukula kwake. Ntchito yolumikiza zonsezi pa kabwatoko inali yanga.

"A Mpaso, kabuku aka mukawerenge kaye," anatero Mayi Gondwe. "Akuti poboola pafunika guluu wake wapadera, koma m'bokosimu mulibe. Tidikire ndikamufune ku Limbe?"

"Madamu," ndinayankha ndikumwetulira, "ine ndinayamba kutseka mabwato inu musanayambe sitandade wani. Bowo ndi bowo."

Anaseka, n'kundisiyira. Kabukuko ndinakaika pansi pa chitini cha misomali kuti kasauluke ndi mphepo, ndipo kanakhala pomwepo. Akuluakulu sananame kuti ndadziwa kale adamanga nyumba yopanda khomo.

Komabe musaganize kuti ntchito yonse ndinaigwira mwachibwana. Mapaipi a mbedza aja ndinawaganizira kwambiri. Munthu wopalasa ndi nkhafi ya mitu iwiri alibe dzanja lotsala logwirira mbedza, choncho ndodozo ziyenera kuima zokha, pamalo poti dzanja lifike osatembenuka thupi lonse, komanso nkhafi isazigunde. Ndinakhazika Che Jafali m'kabwatoko pa kapinga, n'kuwauza kuti azipalasa mphepo, ine ndikuzungulira ndi choko kulemba pofika chigongono ndi podutsa nkhafi. Amayi opita kumunda anaima n'kumafunsa ngati tikupita ku Joni. Mapaipiwo ndinawaika kumbuyo kwa mpando, opendekera kunja. Batire ndinaliika m'kontena yonyamulira chakudya, n'kulimanga ndi mphira kuti lisanyowe. Kamakina kaja ndinakaika kutsogolo kwa mawondo, poti maso aziona dzuwa lisakuthwanima pa galasi. Zonsezi zinali pamwamba, kutali ndi madzi, ndipo mpaka lero ndimazinyadira.

Vuto linali diso la kamakinako, kachipangizo kakang'ono koyenera kukhala m'madzi kuti kaziona pansi. Ndinaboola kumbuyo kwa kabwato, m'munsi mwenimweni, mabowo awiri a masikuluwu ndi limodzi lalikulupo lodutsa waya. Ndinapota thonje, kulikhomerera mozungulira wayayo, n'kumata phula, monga momwe manja anga anazolowerera. Kenaka kabwatoko ndinakasiya m'madzi masiku atatu kuti kamwe. Apa mumvetse bwino. Bwato la matabwa likadontha, madzi umawaona pa mapazi ako n'kuwakapa. Kayaki kali ndi zikopa ziwiri, chapamwamba chokhalapo munthu ndi chapansi chokhudza madzi, ndipo pakati pake ndi mphako yotsekeka. Madzi akalowa mumphakomo sawaona aliyense. Komanso pulasitiki safufuma, ndipo phula silimugwira.

Tsiku loyamba kukayesa, lamulo la a Makwinja ndinalikumbukira, sindinganame. Koma ndinadziuza kuti mpando ndi umodzi, sitingakwere awiri, ndipo ine sindisambira. Kunena zoona mumtima ndinasangalala kuti ndapeza pothawira. Che Jafali anakwera okha, anazungulira damu, n'kubwera akusimba kuti TV ija ikuonetsa ngakhale chitsa cha mkuyu womwe unamira kalekale. Atabwera ulendo wachiwiri, nkhope inali ina.

"Amisiri, kabwatoka kakulemeratu. Ndikamakhota ndikumva ngati m'mimba mwakemu muli chinthu chikuyenda."

"Kakumwa ako, Che Jafali," ndinatero ndisakuyang'ana n'komwe. "Kapatseni sabata, kasiya kokha."

Masiku asanu ndi anayi a nyengo yotentha

Linali Lachiwiri m'mawa pamene uthenga unandipeza kuti kabwato katembenuzika pakati pa damu. Che Jafali anangotembenuka pang'ono kuti atenge ndodo ya mbedza, madzi a mumphako aja n'kuthamangira mbali imodzi. Mwamwayi anali atavala jekete ija, ndipo anasambira akukoka kabwatoko mpaka kumtunda. Kamakina, batire ndi mbedza zonse zinapita m'matope. Pofika masana nkhani inali itamera miyendo. Mlonda amene walanda anthu maukonde sasowa adani, ndipo wina anati anawaona akukoka ukonde, n'chifukwa chake anagubuduka. Wina anawonjezera kuti nsomba zomwe Abiti Saidi amagulitsa pa msika n'za m'damu momwemo. Komiti inawaimitsa ntchito, ndipo Mayi Gondwe anati mlandu udzakambidwa Lachinayi la sabata yotsatira. Akadzapezeka olakwa, ulonda udzathera pomwepo.

Masana omwewo ndinapita ku shedi komwe anakokerako kabwatoko. Ndinali ndekha. Nditayesa kukanyamula, kanakana, pamene tsiku lofika ndinkakanyamula ndi dzanja limodzi. Ndinatsegula kachitsekero kotulutsira madzi, n'kukapendeketsa. Madzi anatuluka osaleka, okwana ndowa zingapo. Nditakagadabuza ndinapeza phula langa litasupuka ngati nkhanambo, thonje likulendewera pa waya. Tsono mverani chomwe bambo anu anachita. Ndinadikira madzi athe, ndinatseka kachitsekero kaja, n'kukagoneka kabwatoko chafufumimba, bowolo lili kunsi kuti lisaoneke, kenaka ndinakwera njinga kubwerera kunyumba.

Ndinadziuza zambiri m'masiku amenewo. Ndinati mwina anakokadi ukonde, ndani akudziwa. Ndinati komiti iwakhululukira, poti ndi munthu wamkulu. Ndinati zaka makumi atatu ndagwira popanda kalata yondidzudzula ngakhale imodzi, ndiye ndidzigwetse ndekha khomo lotulukira ndikuliona? Pa damu ndinasiya kupita. Ndinamva kuti Abiti Saidi asiya kupita ku msika chifukwa anthu ankanunkhiza nsomba zawo n'kumafunsa kuti zachokera damu liti. Ndinamvanso kuti Lachisanu ku mzikiti Che Jafali anakhala kumbuyo kwenikweni, n'kutuluka osapereka moni kwa aliyense. Zonsezi ndinkazimva, n'kumezera malovu.

Tsiku lachisanu ndi chitatu, mayi anu ankasenda nandolo pakhonde, ine nditangokhala, pulena ili m'manja koma osapala kanthu.

"Bambo a Tamanda, mbale yanu ikubwerera yodzaza masiku ano. Mukudwala, kapena mwapalamula?"

Ndinawauza zonse, kuyambira kabuku kaja mpaka pomwe ndinagoneka kabwato chafufumimba. Sanasiye kusenda.

"Ndiye panopa mukudikira chani? Kuti bowolo lifufume?"

"Mayi, muganizirenso dzina langa. Zaka zonsezi..."

"Oho! Nanga Che Jafali aja alibe dzina? Tiyi wa akazi awo mwamwa kangati inu? Mlandu suola, bambo. Mukapuma ntchito mudzakhala nawo pakhonde pompano, ine sindidzakuthandizani kuusenza."

Ndinapsa mtima, ndinanyamuka n'kukazungulira kumunda wopanda cholima. Koma ndinadziwa kuti anena zoona, ndipo chimene chinandipsetsa mtimacho n'chomwecho.

Lachinayi anthu anasonkhana pa shedi: komiti, Mayi Gondwe, ndi ongobwera kudzaonerera, amene anali ambiri kuposa onse. Che Jafali anakhala pa benchi, chipewa chili m'manja. Atawafunsa anangoti, "Ukonde sindinagwire. Kabwato kanatembenuka kokha." Anthu anang'ung'udza, ena n'kuseka. Apo ndi pomwe ndinaimirira. Sindinadzikhulupirire kuti ndingalankhule bwino, choncho ndinapempha migolo iwiri ndi ndowa. Tinakweza kabwatoko pa migoloyo, ndinatsegula kachitsekero, n'kuyamba kuthiramo madzi. Ndowa yachiwiri isanathe, madzi anayamba kutuluka pa bowo langa, osati madontho, koma chuu ngati pa mpopi.

"Potuluka madzipa ndi pomwe ankalowera," ndinatero. "Bowoli ndinaboola ine, n'kutseka ngati ndikutseka thabwa. Che Jafali anandiuza kuti kakulemera, ine ndinawauza kuti adikire. Alibe mlandu."

Mayi Gondwe anagwada, anagwira thonje lija, n'kundiyang'ana.

"A Mpaso, munadziwa liti?"

Funso limenelo ndi lomwe ndinkaliopa kuposa bowo. Ndikadati ndazindikira dzulo, palibe akadanditsutsa, ndipo bodzalo linali kale pa lilime.

"Tsiku lomwelo, madamu. Masana ake."

Mayi Gondwe anaimirira. "Bowoli ndikadakukhululukirani lero lomwe," anatero motsitsa mawu, "popeza nanenso ndinakulolani osadikira guluu. Koma masiku nainiwo ndiwalemba."

Anawalembadi. Ndinalandira kalata yanga yoyamba ndi yomaliza yondidzudzula, ndipo anandichotsa ku madamu n'kundiika pa ofesi. Sindinadandaule, ndipo lero ndimawalemekeza mayi amene aja kuposa mabwana onse amene ankandiyamikira. Che Jafali anabwerera pa ntchito yawo Lolemba.

Mvula yoyamba itagwa

Panapita masabata ndisanalimbe mtima kupita kwawo. Ndinawapeza akusoka mphasa pansi pa mango. Abiti Saidi atandiona analowa m'nyumba osandipatsa moni, ndipo zinandipweteka kuposa kalata ija. Ndinapepesa mmene ndikanathera.

"Ine ndimadziwatu, amisiri," anatero Che Jafali, singano isakuima. "Madzi aja ndimawamva ndi matako angawa. Nditagwa ndinadziwa kuti ndi bowo lanu."

"Nanga bwanji simunanene?"

"Ndikananena ine, akanati wakuba wapeza pothawira. Mawu amene aja amafunika atuluke pakamwa panu. Ndiye ndimangowerenga masiku, kuti kodi achimwene anga aja abwera liti. Sindimaganiza kuti afika naini."

Kenaka Che Jafali anaika mphasa pansi.

"Kabwato kaja kakungokhala, ndipo mapaipi anu a mbedza aja ndi abwino, sindinaonepo. Mukapemphe kwa madamu mudzakakonze. Koma malemu bambo anga amanena kuti ku Chilwa, wakhoma ndiye amayamba kukwera. Kaya lamulolo linaphwa ndi nyanja?"

Mayi Gondwe anavomera kuti ndigwire ntchito imodzi yomalizayo, ndipo guluu uja anabwera naye okha. Kabuku kaja ndinakapeza pansi pa chitini cha misomali, ndipo ndinakawerenga konse, magalasi ali pamphuno ngati mwana wa sukulu wobwereza kalasi. Munalembedwa kuti diso lija likhoza kumatidwa mkati osaboola n'komwe. Mabowo atatu aja ndinawatseka ndi zigamba za pulasitiki ndi guluuyo, ndinadikira masiku amene kabukuko kananena, ndipo ndinathiramo madzi kawiri pa migolo osaona dontho.

Linali Loweruka m'mawa pamene Che Jafali anandiveka jekete ija, kumanga malamba, n'kundikankhira m'madzi. Zaka zonse zija ndinkakwera ndi mwini bwato pambali panga. Tsiku limenelo ndinali ndekha, nkhalamba yosatha kusambira, pa kanthu kopepuka ngati chikhungwa cha nthochi. Kabwato kankapita uku ndi uku ngati woledzera. Ndinachita mantha, ana anga, mantha enieni a mwana. Koma ndinapalasa mpaka pakati, pamwamba pa matope pomwe panagona TV ya nsomba ija.

"Imani pomwepo!" anakuwa Che Jafali ali kumtunda. "Tembenukani mutenge mbedza, ngati momwe ndinachitira ine!"

Ndinapemphera kaye. Kenaka ndinatembenuka pang'onopang'ono, ndinasolola ndodo mupaipi, n'kuibwezera. Kabwato kanagwedezeka, n'kukhazikika.

"Tsopano khalani chete mumvetsere m'mimbamo! Mukumva chani?"

Ndinamvetsera nthawi yaitali. Ndinkangomva mtima wanga.

"Palibe!"

Nditakweza maso ndinaona kuti kumtunda kuja sanalinso okha. Pambali pawo panaima Abiti Saidi, fulasiki ili m'manja, ndipo ulendo uno amene anakuwa anali iwowo.

"Ndiye bwererani, amisiri! Tiyi wanu akuzizira!"